Thandizeni: duwa langa la Honorine Jobert ndilisamutse kapena ndilisiye?

Moni nonse a m'gulu lino, makamaka inu olima maluwa kuno ku UK. Ndili ku Leeds. Chaka chatha mu Epulo ndinadzala anemone woyera uja amati Honorine Jobert m'mphepete mwa mpanda wa kuseli, pomwe dzuwa limafika m'mawa mokha. Ndinamusankha chifukwa amachita maluwa mochedwa, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, anzake onse atafota. Nthawi imeneyo kunja kumayamba kuda msanga, mtima umalakalaka kena kowala pabwalo.

Koma taonani, chaka chachiwiri chino, masamba ndi ochepa, maluwa owerengeka, kutalika sanafike n'komwe m'chiuno pomwe amayenera kupitirira mita imodzi. Dothi lake ndi lamakande, nthawi yozizira madzi amadikha. Nkhono nazo zinadya mphukira zoyamba. Kodi ndimuzule ndikamuwokere pena? Chinanso, agogo oyandikana nafe akuti duwali likakhazikika silimva kuletsa, ndipo nyumbayi ndi yalendi. Sindikufuna kudzakangana ndi eni ake.

Mayi a ku Glasgow: Achemwali, chonde musamuzule. Duwa limeneli limadana ndi kusunthidwa, ndipo zaka ziwiri zoyamba limakhala likumanga mizu pansi, pamwamba n'kumaoneka ngati lakana. Malo a dzuwa la m'mawawo ndi abwino kale. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi madzi odikhawo, chifukwa mizu ikakhala m'madzi ozizira miyezi yambiri imawola. Mu Malichi thiranipo kompositi wambiri kapena masamba owolerana mozungulira tsinde, osakumba pafupi. Kukauma m'Julayi muzithirira, silifunanso ludzu.

Bambo a ku Coventry: Agogowo sakunama. Limayanga pansi ngati kapinga, kachidutswa kakang'ono ka muzu kakatsala m'dothi kamaphukanso. Kwirirani malata kapena pulasitiki wolimba m'mbali mwa bedi kuti mizu isawolokere kwa aneba. Chitani panopa lisanafalikire. Muzivalanso magolovesi, utomoni wake ena umawayabwa.

Mlongo wa ku Bristol: Ine ndimalikonda ndithu ngakhale amalinena. Linapezeka ku Verdun, ku France, mu 1858, ndipo mpaka lero anthu sanalitaye. Makolo ake ndi a ku China, ngakhale m'masitolo mumalipeza atalemba kuti ndi la ku Japan. Mukadzafuna lina losamuka nalo, dulani timizu tonenepa kumapeto kwa chaka, mugoneke m'chidebe cha kompositi. Timizuto tidzaphuka.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, ndimusiya pomwepo. Za chidebezo zandisangalatsa, poti alendife sitidziwa tsiku losamuka. Bambo a ku Coventry, malatawo alowe pansi kuya bwanji? Nanga nkhonozi mumathana nazo motani popanda mankhwala? Pabwalopa pamasewera ana.