Gawo la maliro latikanika, thandizeni nzeru

Wotsogolera sewero: Akuluakulu, sewero lathu la pa TV lija, la banja lokhoma mabokosi ndi kunyamula maliro, tafika pamene bambo mwini bizinesi wamwalira, ana ake omwe azolowera kuika ena akuyenera kuika wawo. Loweruka tinayesa kujambula cha ku Chinamwali, kuno ku Zomba. Titangoika masamba pamsewu ndi kuyamba kulira, akabaza anayamba kutsika panjinga, amayi ena anabwera ndi ufa m'mbale kudzakhuza. Tinasiya ndi manyazi. Komanso wosewera bamboyo wakanitsitsa kulowa m'bokosi, akuti n'kudziitanira imfa.

Wa kamera: Achimwene, amfumu munawauza?

Wotsogolera sewero: Tinangogwirizana ndi mwini nyumba.

Wa kamera: Vuto ndi limenelo. Maliro pamudzi amalengeza ndi amfumu, ndiye anthu akamva kulira iwo asakudziwa, mlandu ndi wanu. Pitani mukaonekere, atume munthu auze mudzi tsiku lisanafike. Masamba ikani pakanjira kolowera kunyumbako, jambulani, chotsani pompo.

Mayi wa zovala: Za bokosizo musamukakamize mkuluyo. Ineyo sindingalowenso, olo mundipatse zingati. Mabokosi ambiri ali ndi kagalasi kakumaso kaja. Pemphani kalipentala akubwerekeni chivundikiro chokha, mkuluyo agone patebulo, mumufunditse nsalu yoyera mpaka m'khosi, kamera iyang'ane kuchokera pamwamba. Woonera sangadziwe.

Wa kamera: Zoona amayi. Ndipo ponyamula musasiye bokosi lopanda kanthu, limayenda mopepuka ngati lichero, aliyense amazindikira. Ikanimo matumba a mchenga kuti mapewa a adzukulu aoneke kuti alemedwa.

Wa mawu: Kulira kwenikweni ndidzajambula padera, m'chipinda chotseka. Panja azingosisima chapansipansi. Kwaya nayonso chimodzimodzi, chifukwa nyimbo ya pa siwa imamveka kutali, makamaka usiku.

Mayi wa zovala: China, yunifolomu ya amayi a Mvano musaigwiritse ntchito popanda chilolezo cha mpingo. Mwana wamkulu uja amakalipira Mulungu pamaso pa abusa mu gawo lomweli, mpingo weniweni sungakondwe kuoneka pamenepo. Ndikusokerani ya mpingo wongopeka, ya mtundu wina.

Wotsogolera sewero: Nanga kumanda?

Wa kamera: Kumeneko iwalaniko, kamera salowa nayo chisawawa. Pezani munda wa mitengo yowirira, muunde mitumbira itatu inayi, nkhata zamaluwa pamwamba, basi. Mukamaliza mufafanize, eni munda asadzadzidzimuke m'mawa. Ndipo yambani m'mamawa, phiri likangophimbidwa ndi nkhungu kuwala kumasintha, zithunzi sizigwirizana.

Wa mawu: Anansi achisilamu aja muwasunge m'sewero. Kuno ku Zomba maliro timakhuzana, sitifunsana chipembedzo.

Wotsogolera sewero: Alipo, sitinawachotse. Mawa ndilawirira kwa amfumu. Amayi, nsalu ya yunifolomu ifunika mamita angati kwa anthu 8?

Mayi wa zovala: Nditumizireni miyeso yawo kaye, ndikuuzani madzulo.