Inhela yabuluu imatsegula chifuwa, nanga bwanji mphumu siitha?

Chisomo_Matero: Akuluakulu, ndithandizeni. Odwala mphumu ambiri kuno amadalira salbutamol, inhela yabuluu ija. Akapopera chifuwa chimatseguka, koma pakapita maola ochepa chimabanikanso, makamaka mu June ndi July mbaula zikalowa m'nyumba. N'chiyani chimatsala m'mapapo chimene mankhwalawa sakhudza?

aPhiri_Chelston: Chimatsala ndi kutupa, achemwali. Utsi wa makala, fumbi kapena chimfine zikapweteka khungu la mkati mwa njira za mpweya, maselo ake amatulutsa TSLP, IL-33 ndi IL-25. Awa ndi ma cytokine, timapuloteni timene maselo amatumizirana uthenga. Iwo amadzutsa maselo a chitetezo cha m'thupi otchedwa Th2 ndi ILC2, ndipo awa amatulutsanso ena atatu. IL-5 imachulukitsa ma eosinophil, mtundu wa maselo oyera a m'magazi, m'mafuta a m'mafupa n'kuwasunga amoyo nthawi yaitali. IL-4 imapangitsa maselo a B kupanga puloteni ya chitetezo yotchedwa IgE, imene imakamatirira pa maselo otchedwa ma mast cell, ndipo fumbi likabweranso ma mast cell amakhuthula histamine ndi leukotriene, zimene zimatupitsa ndi kufinya njira za mpweya. IL-13 ndiyo imadzetsa makhololo olimba aja, minofu yozinga njira za mpweya n'kumafinya ndi kanthu kakang'ono.

Salbutamol imangomasula minofuyo kwa maola 4 mpaka 6, basi. Chimene chimaletsa maselo kupanga IL-4, IL-5 ndi IL-13 ndi steroid yopopera, mankhwala ochepetsa kutupa, monga beclometasone, inhela yabulauni. Vuto lake siimveka pompo, imafuna sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye anthu amaitaya m'kabati amvekere siigwira ntchito. Kuyambira 2019, GINA, bungwe lapadziko lonse lopereka malangizo a mphumu, inasiya kulimbikitsa salbutamol yokhayokha. Amene akumaliza ma inhela abuluu 3 pachaka ali pangozi.

Mayi_Tembo: Ndionjezepo za kapoperedwe, chifukwa steroid yothera pakhosi siifika kumene ma cytokine akupangidwa. Popanda spacer, kachipangizo koika pakati pa inhela ndi pakamwa, botolo lapulasitiki la 500 ml limakwana: boolani kumatako kwake, lowetsani inhela, khutchumulani, poperani kamodzi, wodwala apume kudzera pakamwa pa botolo kanayi kapena kasanu. Akamaliza achukuche mkamwa n'kulavula, apo ayi lilime limachita zoyera ndipo mawu amasasa.

aZulu_Kabwata: Zoona, koma chenjerani ndi full blood count, kuyeza kowerenga maselo a m'magazi. Ma eosinophil opitirira 300 pa microlitre amasonyeza mphumu ya IL-5, inde, koma kwathu kuno njoka za m'mimba ndi likodzo nazo zimawakweza. Yezani chimbudzi ndi mkodzo kaye. Koma prednisolone, steroid ya mapilitsi, imawagwetsa, choncho magazi otengedwa munthu ali pa mapilitsiwa amanamiza. Pali jakisoni wotseka IL-5, mepolizumab, ndi dupilumab wotseka IL-4 ndi IL-13 pamodzi, koma mtengo wake si wa munthu wamba. Ndipo osuta fodya ena kutupa kwawo n'kwa maselo oyera ena otchedwa ma neutrophil ndi cytokine ya IL-17, kumene steroid siichita kanthu kwenikweni. Wotere, kapena amene akuwonda ndi kutuluka thukuta usiku, apereke makhololo ayezedwe TB musanamuonjezere mlingo.