Laputopu ya mamiliyoni anayi: ndigule kapena ndidikire?

Wamapulani wa ku Matawale:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndinaphunzira architecture ku Poly, imene pano akuti MUBAS, ndipo ndimagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono yojambula mapulani a nyumba. Ntchito yachepa kwambiri. Anthu akumayamba nyumba n'kuisiyira pa windo chifukwa cha mtengo wa simenti, ndiye obwera kudzafuna pulani yatsopano ndi owerengeka. Koma ndikamuonetsa munthu chithunzi cha 3D cha nyumba yake, amangoti kukamwa yasa, mpaka kuitana akazi awo kuti adzaone. Ndiye ndikuganiza zosiya mapulani n'kumangopanga 3D basi: ma render (zithunzi zooneka ngati zenizeni zimene kompyuta imatulutsa) ndi makanema oyenda m'kati mwa nyumba isanamangidwe. Chikundivuta ndi makina. Laputopu yanga ndikangoyamba render imatentha n'kuzima yokha. Munthu wina ku Blantyre akugulitsa laputopu ya graphics card (khadi yopangira zithunzi) ya RTX 4060, RAM 16GB, makwacha mamiliyoni anayi ndi kanthu. Theka ndili nalo, linalo ndingakatenge ngongole ku SACCO. Ndigule?

Mnyamata wa ku Chikanda:
Gulani amwene, mukudikira chiyani? Mwaiwala za November 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44%? Katundu aliyense wobwera ndi dola anakwera usiku umodzi. Ndalama mukusungayo ikutha mphamvu muli chikhalire. Laputopu mukaigula ndi yanu, zikakanika mudzagulitsa.

Bambo a ku Kalimbuka:
Mwana wanga, mwafunsa mafunso awiri n'kuwamanga mtolo umodzi. Kugula makina ndi nkhani ina, kusiya ntchito ndi nkhani inanso. Ndiyambe ndi yachiwiriyo chifukwa ndi imene ingakupwetekeni.

Ndani adzakulipirani chithunzicho kuno ku Zomba? Ine ndakalambira mu ntchito imeneyi. Kasitomala wa kuno amalipira pulani chifukwa ku khonsolo akuifuna, ndipo popanda iyo sangamange mwalamulo. Chithunzi cha 3D amachitenga ngati basela. Mukamuuza kuti chili ndi mtengo wakewake amakuyang'anani ngati mwamutukwana, n'kunena kuti "si munajambula kale nyumbayo?" Khonsolo siivomereza nyumba poona kukongola kwa kapinga ndi galimoto yoima pakhomo. Imafuna pulani, ma section, njira ya madzi oipa, malire a puloti.

Chinanso, kodi munamaliza zolembetsa ku Board of Architects and Quantity Surveyors? Ngati simunamalize, kuchoka panopa ndi kutaya zaka zimene mwagwira pansi pa munthu wolembetsedwa. Wopanga zithunzi angapezeke paliponse, koma wosayina pulani ndi wosowa.

Wamapulani wa ku Matawale:
Sindinamalize bambo, kwatsala pang'ono. Koma malipiro ake akuthera pa lendi ndi thiransipoti.

Bambo a ku Kalimbuka:
Ndiye malizani kaye. Njala ya chaka chimodzi siyofanana ndi ya moyo wonse.

Mayi a ku Mulunguzi:
Ine ndimadya za 3D zomwezi, ndiye ndilankhulepo za makinawo. Achimwene, laputopu imeneyo pa mtengo umenewo ine sindingagule. Osati kuti ndi yoipa ayi, koma pa ntchito yathuyi chimene chimayamba kutha ndi VRAM, malo a graphics card amene zinthu zonse za mu chithunzi zimayenera kukwanamo. RTX 4060 ili ndi 8GB. Nyumba imodzi ya zipinda zitatu ikwana bwinobwino. Koma mukadzapeza ntchito ya loji ya m'mphepete mwa phiri, mitengo ya paini mbwee, udzu, miyala, madzi, mipando ya m'kati, 8GB ija idzadzaza ndipo pulogalamu idzangotseka. RTX 3060 ya pa desktop ndi yakale kuposa imeneyo koma ili ndi 12GB. Chenjerani, ndati ya pa desktop. Ya mu laputopu dzina ndi lomwelo koma ili ndi 6GB yokha, ndipo ogulitsa ambiri sanena zimenezi.

RAM 16GB nayonso ndi yochepa ngati mukufuna kutsegula Revit kapena ArchiCAD, mapulogalamu ojambulira mapulani, pamodzi ndi pulogalamu ya render. Pamafunika 32GB. Pa desktop mumangogula ina n'kusomeka, khadi ikakalamba mumasintha khadi yokhayo. Pa laputopu khadi inamatiridwa pa bolodi, ikafa ndiye kuti zonse zapita.

Ndiye pali chimene anthu amaiwala powerengera: mapulogalamu. Autodesk, kampani yopanga Revit, inasiya kugulitsa laisensi yamuyaya mu 2016, pano ndi kulipira chaka ndi chaka, m'madola. Lumion ndi V-Ray, zopangira render, nazonso n'zolipira. Ndi mmene forex ikusowera, mutha kukhala ndi kwacha m'manja koma kulephera kulipira. Mwayi wake Blender, pulogalamu ya 3D, ndi yaulere kotheratu. Twinmotion, yopangira render, ndi yaulere kwa munthu kapena kampani imene siipeza ndalama zopitirira madola miliyoni imodzi pa chaka, ndiye tonse pano tili momwemo. D5 Render ilinso ndi mtundu waulere.

Mnyamata wa ku Chikanda:
Nanga za laisensi muzidandaula nazo achemwali? Timangoika ya crack, yobedwa, basi.

Mayi a ku Mulunguzi:
Inu mukuphunzira, palibe amene adzakufunseni. Koma munthu amene akufuna kugwira ntchito ndi makampani akunja, mafayilo a kasitomala ali mu makina momwemo, asaike zinthu zotola pa intaneti zimene sakudziwa kuti mwabisala chiyani. Komanso zaulere zilipo, ndipo n'zabwino. Cycles, yopangira render mu Blender, imatulutsa zithunzi zoti munthu sangasiyanitse ndi za kamera, bola wodziwa kuyatsa kuwala.

Wamawaya wa ku Chinamwali:
Mayi, pa desktop pokhapo ndikutsutsani. Mukulankhula ngati magetsi sazima. Kumbukirani 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, tinkakhala maola angati mumdima? Render ya kanema imatha usiku wonse. Magetsi akangothima pakati, desktop yazima nthawi yomweyo. Laputopu ili ndi batire lake. Kuti desktop ikhale yodalirika pafunika inverter ndi mabatire, ndiye muwerengere zimenezo pa mtengo, kuphatikizapo monitor. Zikakwana zonse mupeza kuti mwafika pa mamiliyoni omwe aja.

Mayi a ku Mulunguzi:
Za inverter mukunena zoona, ine ndili nayo ndipo sinali yotchipa. Koma batire la laputopu pa render ndi bodza. Mukangozula chaja makina amadzichepetsa mphamvu okha, render imayenda ngati ikudwala, ndipo batire silichedwa kutha. Limangokupatsani mpata wosunga ntchito n'kutseka bwinobwino, zimene UPS yaing'ono (kabatire kogwiriziza kompyuta magetsi akathima) imachitanso. Ndipo kanema sitimamupanga render ngati fayilo imodzi. Timatulutsa chithunzi chimodzichimodzi, magetsi akabwera timapitiriza pamene tinalekezera.

Mwezi wa October, kutentha kuja ndi fumbi, laputopu ikugwira ntchito maola khumi, mafani akulira. Idzakhalitsa zaka zingati?

Wamawaya wa ku Chinamwali:
Pamenepo ndavomera. Zobwera kwa ine zitapsa zambiri ndi malaputopu a magemu. Koma ngati achimwenewa azipita kwa makasitomala kukaonetsa ntchito, desktop adzaisenza pamutu?

Mayi a ku Mulunguzi:
Yakale ali nayoyo ikwanira kuonetsera kanema. Ngakhale foni.

Mlongo wa ku Joni:
Ndilowererepo ngakhale sindine wa ntchito yanuyi. Ine ndili ku Johannesburg, ndikumanga ku Sadzi. Bambo a ku Kalimbuka, ndi ulemu wonse, basela mukunenayo ine ndinalipira, ndipo sindinadandaule. Pulani ya mizeremizere ija ine sindiimva. Ndinkafuna kuona khitchini, kuona denga mmene likhalire, ndisanatumize ndalama ya malata. Chithunzicho chinandithandizanso china: abale amene akuyang'anira ntchito akanditumizira zithunzi pa WhatsApp, ndimayerekeza ndi chija. Windo likasunthidwa ndimaona pompo. Tilipo ambiri kuno, ku Cape Town, ku UK, amene tikumanga kumudzi tisakuona. Koma ndinene mosabisa, amene anandipangira 3D ndi yemweyo anajambula pulani. Munthu wongopanga zithunzi zokha sindikanamufuna, ndikanamupeza kuti?

Bambo a ku Kalimbuka:
Mwamva mawu omalizawo? Pulani ndi imene inabweretsa kasitomala, chithunzi chinangokweza mtengo. Ine sindikukana 3D. Ndikukana kugula minibasi ndi ngongole musanadziwe msewu umene idzayendemo.

Mnyamata wa ku Chikanda:
Koma madala, msika si Zomba yokha. Pali Upwork, pali Fiverr, masamba a pa intaneti opezerapo ntchito. Starlink inafika m'dziko muno mu 2023, kutumiza mafayilo akuluakulu si vutonso ngati kale.

Mayi a ku Mulunguzi:
Ulipo msikawo, ine ntchito zina ndimazipeza kunja. Koma kumeneko mukupikisana ndi anthu a ku Vietnam, India, Ukraine, amene ali ndi zaka zambiri pa ntchitoyi ndipo mitengo yawo ndi yotsika. Miyezi yoyamba mutha kukhala osapeza kanthu, pamene SACCO ikufuna zake mwezi ndi mwezi. Chimene chimakugulitsani kumeneko ndi portfolio, zitsanzo za ntchito zanu, osati dzina la graphics card.

Mphunzitsi wa ku Ndola:
Funso langa ndi lina. Ndi AI yabwerayi, Midjourney ndi zinzake, ntchito imeneyi ikhalapobe zaka zisanu zikubwerazi? Mwana wanga amangolemba mawu pa foni n'kutuluka nyumba yokongola.

Mayi a ku Mulunguzi:
Imatuluka nyumba yokongola, koma si nyumba ya mlongo wathu wa ku Joni uja. Muiuze kuti isunthe chitseko chokha, isintha ndi denga lomwe. Kasitomala amafuna nyumba yake, pa puloti yake yotsetsereka, windo lili pamene pulani ikunena. Komabe aphunzitsi, zithunzi zongokopa maso, zoika pa chikwangwani kapena pa Facebook, zimenezo mtengo wake ukugwa ndithu. Wotsala ndi amene amadziwa kumanga model yolondola, yoti m'menemo mutuluke pulani, miyeso, ngakhale kuchuluka kwa mabuloko. Ndipo apa ndi pamene achimwenewa akutiposa ife tinangophunzira pa YouTube: amadziwa kuti lintel imakhala pati, denga limatsetsereka bwanji kuti mvula ya ku Zomba isalowe. Asataye zimenezo.

Bambo a ku Kalimbuka:
Ndipo ngati ndi portfolio, simukusowa pophunzirira. Mzinda uno unali likulu la dziko mpaka 1975. Nyumba ya Malamulo yakale ilipo, Hotel Masongola ya mu 1886 ilipo, nyumba za njerwa zofiira za makhonde aakulu zili mbwee kumtunda kuno. Pemphani chilolezo, tengani tepi, yezani imodzi, muimange mu Blender ndi phiri kumbuyo kwake. Wakunja akaona zimenezo aima kaye, chifukwa nyumba zagalasi zofanana anatopa nazo.

Wamapulani wa ku Matawale:
Zikomo nonse. Ntchito sindisiya kaye, ndimalize zolembetsa. Ngongole ya SACCO ndaiimitsa. Ndalama ndili nayoyi ndifunse mtengo wa desktop ya RTX 3060 ya 12GB, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi UPS. Wogulitsa laputopu uja wangonditumizira uthenga kuti pali wina akuifuna, ndipo Lolemba mtengo ukwera.

Mnyamata wa ku Chikanda:
Mwaona? Ndinanena ine.

Wamawaya wa ku Chinamwali:
Onse amatero amwene, "pali wina akuifuna". Khadi yakale musalipire musanaione ikugwira ntchito. Ambiri anakumbira nazo crypto usana ndi usiku. Muiyese ndi render yolemera kwa theka la ola, muone kutentha kwake ndi kulira kwa mafani.

Wamapulani wa ku Matawale:
Nanga power supply ya desktopyo ikhale ya mawati angati?

Mayi a ku Mulunguzi:
NVIDIA imati 550W pa khadi imeneyo, koma tengani 650W ya kampani yodziwika kuti mukadzasintha khadi musadzagulenso ina. Ndikutumizirani fayilo ya loji ina ya mitengo yambiri, mukaiyesere imeneyo kwa wogulitsayo.