Funso kwa odziwa zachuma ndi zandale: kodi misika imaopa bomba, kapena zimene boma lichite pambuyo pake?

Wofunsa

Akuluakulu a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa inu amene munachitapo kafukufuku wa zachuma kapena wa zandale. Ndili m'chaka chachiwiri cha digiri ya masitazi, ndipo mutu umene ndinasankha ukukhudza mmene ndale zolimbana ndi uchigawenga zimagwedezera misika iwiri: msika wa ngongole za boma, zimene zimatchedwa mabondi, ndi msika wosinthira ndalama za mayiko. Amene akundiyang'anira pa kafukufukuyu anena kuti ndatola mtolo woti sindingausenze, ndipo andipatsa milungu itatu kuti ndiuchepetse.

Kwa amene sali m'gawo lino ndifotokoze pang'ono. Boma likafuna kukongola limagulitsa mabondi, ndipo anthu amene agula amatha kugulitsanso kwa ena. Ogula akayamba kukayikira boma limenelo, mtengo wa bondi umatsika, ndipo mtengowo ukatsika chiwongoladzanja chimene boma liyenera kulonjeza pokongola mwatsopano chimakwera. Choncho chiwongoladzanjacho, pamodzi ndi mphamvu ya ndalama ya dzikolo, zimatiuza tsiku ndi tsiku mmene eni chuma akulionera boma.

Ganizo langa, limene ndikufuna kuliyesa, ndi lakuti misika iwiriyi sichita mantha kwenikweni ndi chiwembu chenichenicho, koma ndi zimene maboma amachita poyankha. Chitsanzo chimene aliyense amayambira ndi chiwembu cha ku America cha pa 11 Seputembala 2001. Msika wa masheya wa ku New York unatsekedwa mpaka pa 17 Seputembala, ndipo tsiku limene unatsegulidwa mlingo wa Dow Jones unatsika ndi 7 peresenti. Koma tsiku lomwelo banki yaikulu ya America, Federal Reserve, inatsitsa chiwongoladzanja chake kuchoka pa 3.5 kufika pa 3 peresenti. Msika wa mabondi unali utatsegulidwa kale pa 13 Seputembala, ngakhale kuti kampani ya Cantor Fitzgerald, imene inali mkhalapakati wamkulu pa malonda a mabondi a boma, inataya antchito 658 mu World Trade Center. Funso ndi lakuti, pa kusintha kwa mitengo kwa masiku amenewo, ndi gawo liti limene tingati linabwera ndi mantha, ndipo ndi liti limene linabwera ndi dzanja la banki yaikulu? Ku London, pa 7 Julayi 2005, misika inatsika tsiku la chiwembu koma m'masiku ochepa inali itabwerera mwakale. Ku France, ziwembu za pa 13 Novembala 2015 zitapha anthu 130, Purezidenti François Hollande ananena poyera kuti chitetezo chikhala patsogolo pa malamulo a European Union oletsa boma kuwononga ndalama mopyola muyeso. Mawu otere akanayenera kukweza chiwongoladzanja cha mabondi a France, koma nthawi imeneyo European Central Bank, banki yaikulu ya mayiko ogwiritsa ntchito ndalama ya yuro, inali ikugula mabondi a mayuro 60 biliyoni mwezi uliwonse kuyambira mu Malichi chaka chomwecho, ndipo wogula wamkulu chotere amaphimba chizindikiro chilichonse.

Chifukwa cha zimenezi ndili pamphambano ya njira ziwiri. Yoyamba ndi kutenga masiku a ziwembu kuchokera mu Global Terrorism Database ya ku University of Maryland, imene imayambira mu 1970, n'kuona mmene mabondi ndi ndalama zinasinthira m'masiku oyandikira. Njirayi ndi yoyendamo ambiri, ndipo imayankha funso la chiwembu osati la ndale.

Yachiwiri, imene mtima wanga ukukondera, ndi kuyang'ana bungwe la Financial Action Task Force (FATF). Bungweli linakhazikitsidwa ndi mayiko a G7 mu 1989 kuti lilimbane ndi kubisa ndalama zopezeka mwachinyengo, ndipo mu Okutobala 2001 linawonjezeredwa ntchito yotseka njira zimene ndalama zimafikira kwa zigawenga. Dziko limene malamulo ake aoneka ofooka limaikidwa pa mndandanda wodziwika kuti grey list, ndipo mabanki akunja amayamba kufufuza mozama malonda alionse a dziko limenelo, ena mpaka kudula ubale ndi mabanki ake. Kafukufuku wa akatswiri awiri a ku IMF, Mizuho Kida ndi Simon Paetzold, wa mu 2021, anapeza kuti ndalama zolowa m'dziko loikidwa pa mndandandawu zimatsika ndi pafupifupi 7.6 peresenti ya chuma chonse cha dzikolo cha pachaka. Ine ndikufuna kuona ngati zimenezi zimaonekeranso pa chiwongoladzanja cha mabondi ndi pa mphamvu ya ndalama.

Koma nditayamba kulemba masiku, ndinaona kuti pafupifupi tsiku lililonse lili ndi mlendo wina m'nyumba. Turkey inaikidwa pa mndandanda pa 21 Okutobala 2021, tsiku lomwe banki yake yaikulu inatsitsa chiwongoladzanja kuchoka pa 18 kufika pa 16 peresenti, ndipo ndalama ya lira inagwa. South Africa inaikidwa pa 24 Febuluwale 2023, patangopita masiku awiri nduna ya zachuma italengeza mu bajeti kuti boma lisenza ngongole ya kampani ya magetsi ya Eskom yokwana marandi 254 biliyoni. Nigeria inaikidwa tsiku lomwelo, mawa lake kukuchitika chisankho cha purezidenti. Pakistan inalowa mu Juni 2018, kutatsala mwezi umodzi kuti kuchitike chisankho, pamene ndalama ya rupee inali itayamba kale kuchepetsedwa mphamvu. Kodi pali njira yovomerezeka yolekanitsira zinthu zoterezi? Kapena ndivomereze kuti njira yoyamba, ngakhale ili yoyendamo ambiri, ndi imene ndingamalize nayo? Chonde ndiuzeni mosabisa.

Yankho loyamba

Mnzathu, vuto la masiku mwaliona bwino, koma pali lina lalikulu limene simunalitchule. Njira imene mukufuna kugwiritsa ntchito, yoyeza kusintha kwa mitengo m'masiku ozungulira chochitika, imadalira kuti chochitikacho chikhale chodzidzimutsa. Chiwembu chimadzidzimutsa. Chigamulo cha FATF sichidzidzimutsa aliyense amene amatsatira nkhanizi, pakuti bungweli limakumana katatu pachaka, mu Febuluwale, Juni ndi Okutobala, ndipo dziko lisanaikidwe pa mndandanda limakhala litaunikidwa kale ndi kupatsidwa nthawi yokonza zolakwika. Lipoti lounika South Africa linatuluka mu Okutobala 2021, kutanthauza kuti ogulitsa ndi ogula mabondi anali ndi miyezi 16 yosinkhasinkha. Mukayeza pa 24 Febuluwale 2023 n'kupeza kuti randi sinasunthe kwenikweni, musathamangire kunena kuti mndandanda ulibe mphamvu, chifukwa mwina mtengo wake unali utalipidwa kale pang'onopang'ono m'miyezi ya m'mbuyo.

Malangizo anga ndi akuti pa dziko lililonse mukhale ndi masiku angapo: lotuluka lipoti, lolowa pa mndandanda, ndi lotulukamo. Pakistan inatuluka mu Okutobala 2022, United Arab Emirates mu Febuluwale 2024, Turkey mu Juni 2024. Masiku akachuluka, zochitika zina zosokoneza zimayamba kufafanizana, ndipo masiku oipitsitsa monga la Turkey mungawachotse, bola mufotokoze momveka chifukwa chake musanaone zotsatira. Kuchotsa tsiku mutaona kale kuti likukusokonezerani nambala ndi chinyengo, ndipo okuyesani adzakufunsani.

Yankho lachiwiri

Ine ndinagwirapo ntchito yogula ndi kugulitsa ndalama zakunja, ndiye ndilankhula za mbali imeneyo yokha. Musaike ndalama zonse m'thumba limodzi. Randi imayandama, mtengo wake umapangidwa ndi msika. Naira ya Nigeria mu Febuluwale 2023 inali m'manja mwa banki yaikulu, ndipo inamasulidwa mu Juni chaka chomwecho. Dirham ya United Arab Emirates inamangiriridwa ku dola, choncho singasunthe ngakhale dziko litaikidwa pa mndandanda uliwonse. Mukatenga mitengo yolengezedwa ndi boma m'mayiko otere mudzakhala mukuyeza chifuniro cha bwanamkubwa wa banki, osati mantha a msika. Mantha amakaonekera pa mtengo wa kumsika wosavomerezeka, umene ndi wovuta kuupeza wolembedwa bwino.

N'chifukwa chake ndikanakhala inu ndikanasiya ndalama n'kutsala ndi mabondi ogulitsidwa m'madola pa misika yakunja. Kusiyana kwa chiwongoladzanja chawo ndi cha mabondi a boma la America kumalembedwa tsiku lililonse, mwachitsanzo mu mlingo wa EMBI wa banki ya J.P. Morgan, ndipo banki yaikulu ya dzikolo ilibe mphamvu yokubisa. Mabondi a m'ndalama ya m'dziko momwemo nthawi zambiri amagulidwa ndi mabanki ndi mabungwe a penshoni amene malamulo amawakakamiza kutero, choncho mitengo yake imakhala yogona.

Yankho lachitatu

Pepani kuti ndikulowererani ngati wa zandale pakati pa a zachuma. Ndikuona kuti mayankho awiri ali pamwambawa akonza masamu anu, koma liwu lakuti ndale, limene lili pa mutu wanu, latayika panjira. Dziko silifika pa grey list mwangozi. Limafikapo chifukwa mabungwe ake ndi ofooka, ndipo kufooka komweko kumakwezanso chiwongoladzanja, kaya mndandanda ulipo kapena ayi. Komanso zigamulo za FATF zimapangidwa ndi nthumwi za maboma, ndipo pa nkhani ya Pakistan zinakambidwa kwambiri kuti maubale ake ndi America, China ndi India anali ndi gawo. Mukapanda kufotokoza mmene dziko limasankhidwira, mudzapereka kwa mndandanda mlandu wa matenda amene analipo kale.

Ndikutsutsanso pang'ono maganizo anu akuti chiwembu ndi yankho la boma zingalekanitsidwe mwaukhondo. Ku Madrid mabomba anaphulika pa 11 Malichi 2004, chisankho chinachitika pa 14 Malichi, chipani cholamula chinagonja, ndipo boma latsopano la José Luis Rodríguez Zapatero linachotsa asilikali a Spain ku Iraq. Munthu amene anagulitsa katundu wake pa msika sabata imeneyo ankathawa chiyani, bomba kapena kusintha kwa boma? Mwina iye mwini sakanatha kuyankha.

Werengani ntchito ya Alberto Abadie ndi Javier Gardeazabal ya mu 2003 yokhudza dera la Basque. Iwo anapanga dera longoyerekeza pophatikiza madera ena a Spain ofanana nalo, ndipo anapeza kuti chuma cha munthu aliyense ku Basque chinatsalira ndi pafupifupi 10 peresenti chifukwa cha uchigawenga wa gulu la ETA. Anaonanso kuti ETA italengeza zosiya kumenya nkhondo mu 1998, masheya a makampani a m'deralo anakwera kuposa a makampani ena. Njira imeneyi ingakuthandizeni: m'malo mofunsa zimene zinachitika m'masiku atatu, pangani South Africa wongoyerekeza kuchokera ku mayiko amene sanaikidwe pa mndandanda, ndipo muyerekezere chiwongoladzanja kwa zaka ziwiri. Chenjezo langa ndi lakuti zaka ziwirizo zili ndi mavuto a kuzimazima kwa magetsi, ndipo mudzafunika kuwayankha.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse atatu. Za ndalama ndavomera, ndizisiya, ngakhale zikundiwawa chifukwa ndinali nditasonkhanitsa kale mitengo ya mayiko asanu ndi anayi. Za kuchulukitsa masiku ndazimvanso, ndipo ndalemba kale lamulo lochotsera masiku osokonezeka kuti ndikalipereke kwa ondiyang'anira ndisanayambe kuwerengera.

Pamene ndikukakamirabe ndi pa yankho lachitatu. Ndikuvomereza kuti ku Madrid zinthu ziwirizi zinalukana, koma ndicho chifukwa chake ndakonda FATF, pakuti kumeneko kuli ndale zolimbana ndi uchigawenga popanda bomba lililonse pa tsikulo. Nkhani ya kusankhidwa kwa mayiko ndi imene yandisowetsa tulo. Ndaganiza zoyerekezera mayiko amene anaikidwa pa mndandanda ndi ena amene malipoti awo anali oipa mofanana koma anapulumuka, popeza malipotiwo amapereka magiredi pa mfundo 40 za bungweli ndi pa zotsatira 11 za kagwiridwe ka ntchito. Vuto ndi lakuti mayiko ambiri a pa mndandanda alibe mabondi a madola ogulitsidwa kawirikawiri, choncho ndikhoza kutsala ndi mayiko ochepa kwambiri. Kwa inu amene munayesapo ophunzira a masitazi: kodi kafukufuku wa mayiko ochepa chotere, wofotokoza bwino malire ake, amalandiridwa, kapena ndi bwino nditenge dziko limodzi n'kulifufuza mozama ndi njira ya Abadie?