Madeti akusokonekera mu JSON: kodi vuto ndi SimpleDateFormat?

Wa ku Bvumbwe: Akuluakulu, ndikukonza pulogalamu ya Java yosunga makilogalamu a tiyi wothyoledwa pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Masikelo onse akamatumiza ziwerengero nthawi imodzi madzulo, madeti ena amatuluka olakwika. Ndili ndi SimpleDateFormat imodzi (chida cha Java cholembera madeti) yomwe ndinapatsa ObjectMapper ya Jackson (chida cholembera ziwerengero mu JSON, kalembedwe kotumizirana uthenga pakati pa mapulogalamu) kudzera mu setDateFormat, ndipo yomweyo ndimaigwiritsanso ntchito polemba malisiti. Kodi ndalakwitsa pati?

Wa ku Luchenza: Achimwene, ndikukayikira malisitiwo. SimpleDateFormat imasunga Calendar m'kati mwake ndipo imaisintha nthawi iliyonse ikamalemba deti, choncho ma thread awiri (ntchito zimene pulogalamu ikuchita nthawi imodzi, monga masikelo akatumiza pamodzi) akaigwira pamodzi, ina imafufuta zimene inzake inali isanamalize kulemba. Jackson imadziwa zimenezi, n'chifukwa chake imapanga kope lake ndi clone isanalembe, koma khodi yanu ya malisiti ilibe chitetezo chimenecho.

Wa ku Chitakale: Ndikugwirizana nawo, koma onaninso ngati simukuitana setDateFormat pulogalamu itayamba kale kugwira ntchito, pakuti ObjectMapper imakhala yotetezeka pokhapokha mukaikonza kamodzi poyambirira n'kuisiya choncho. Mukafuna kalembedwe kena pa lipoti lina, pangani ObjectWriter (cholembera chochokera ku ObjectMapper) yakeyake. Ineyo ndikanasiya SimpleDateFormat n'kusamukira ku DateTimeFormatter, yomwe inabwera ndi Java 8 mu 2014 ndipo siisintha ikapangidwa.

Wa ku Luchenza: Musaiwalenso kuti Jackson imagwiritsa ntchito UTC (nthawi yoyendera dziko lonse) mukapanda kuiuza zina, pamene ife tili patsogolo ndi maola awiri. Pa malisiti ikani Africa/Blantyre, dzina la nthawi ya kuno ku Malawi.