Ndingatani kuti anthu asamathawe pa seva yathu ya Mastodon?

Abale, ndigawireniko nzeru. Ine ndi anzanga amene tinaphunzira limodzi ku Mzuni tinatsegula seva ya Mastodon kuno ku Mzuzu. Kwa amene simukuidziwa, Mastodon ndi tsamba la mchezo la pa intaneti. Inayambitsidwa ndi Eugen Rochko mu 2016, ndipo mosiyana ndi Facebook, ilibe mwini mmodzi. Aliyense atha kutsegula seva yake (kompyuta yosunga maakaunti ndi zolemba za gulu lake), kenako maseva amalumikizana kudzera pa njira yotumizirana mauthenga yotchedwa ActivityPub. Ambiri anakhamukirako mu 2022 Elon Musk atagula Twitter.

Vuto ndi loti amene akhazikika ndi anyamata a zamakompyuta okhaokha, nkhani yake Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta) kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mayi ena ogulitsa kaunjika mumsika waukulu ndinawalembetsa ndekha. Atatsegula anapeza tsamba lili mbee, poti Mastodon sikusankhira zoonera, umangoona za anthu amene ukuwatsata. Anandiyang'ana n'kuti, "Nanga makasitomala anga ali kuti, achimwene?" Anabwerera ku WhatsApp komwe bando yake ndi yotchipa kale, ndipo sindingawanene.

Kodi tikonze mndandanda wa anthu oti watsopano ayambe kuwatsata? Zilankhulo nazo zikutisokoneza: wina alemba Chitumbuka, wina Chitonga cha ku Nkhata Bay, wina Chichewa, koma wina akangoyamba Chingerezi ena onse amangoti zii.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi atsikana. Akangolandira mauthenga achipongwe amachoka osatsanzika, chonsecho oyang'anira tonse ndife amuna. Alipo amene anayendetsapo gulu lotere? Oyang'anira achizimayi munawapeza bwanji, poti ntchitoyi ndi yongodzipereka, yopanda malipiro?