Mawu a pansi pa chithunzi cha masamba a Qur'an a ku Birmingham

Mphunzitsi wa madrasa, Mangochi: Assalam alaikum, aphunzitsi anzanga. Tikukonza chionetsero cha zithunzi za masamba akale a Qur'an kuti ophunzira ndi makolo adzaone. Pansi pa masamba awiri osungidwa ku University of Birmingham ndalemba kuti: "Analembedwa pakati pa 568 ndi 645, m'kalembedwe ka Kufi." Wosindikiza akudikira, choncho ndikupempha kuti muwaunike mawuwa.

Wolemba zilembo za Chiarabu, Zomba: Wa alaikum salam, Shehe. Dzina la kalembedwelo lisinthidwe, pakuti masambawa ndi a Hijazi, kalembedwe kakale ka ku Hijaz, dera la Makka ndi Madina. Kulitsani chithunzicho muyang'ane zilembo za alif ndi lam: mudzaona kuti sizinaime chilili koma zapendekera kumanja, ndipo tsamba lenilenilo ndi lalitali kuposa mulifupi mwake. Kufi idakhazikika pambuyo pake, zilembo zake ndi zonenepa, zamakona, zokokedwa chopingasa, pamasamba amene kawirikawiri amatambalala m'mbali. Ngati muli ndi chithunzi cha Qur'an ija ya Kufi, ya zilembo zagolide pachikopa chabuluu, muchiike pambali pake, ana adzaona okha kusiyanako.

Woyang'anira laibulale, Blantyre: Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi liwu loti "analembedwa". Zaka zimenezi zidachokera ku Oxford, kumene adapima chikopa cha nyama chimene masambawa adapangidwa nacho ndi njira ya radiocarbon, zotsatira n'kulengezedwa mu 2015. Njirayi imasonyeza nthawi imene nyama idafa, osati tsiku limene mlembi adaviika cholembera mu inki, ndipo inkiyo sidapimidwe. Komanso kholo lodziwa kuti chivumbulutso cha Qur'an chidayamba cha m'ma 610 lidzadabwa kuona 568, chaka chimene Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, anali asanabadwe n'komwe. Ine ndikadalemba kuti: "Chikopa cha masambawa ndi cha pakati pa 568 ndi 645, malinga ndi kupima kwa akatswiri."

Wolemba zilembo za Chiarabu, Zomba: Ndikugwirizana nazo. Muonjezerenso kuti masambawa ali ndi zigawo za sura 18, 19 ndi 20, ndi kuti anzake a buku lomwelo ali ku Paris, mulaibulale yaikulu ya dziko la France. Ophunzira akafuna kuwerenga adzavutika chifukwa mulibe fatha, kasra kapena dhamma (zizindikiro za mavawelo), ndipo madontho osiyanitsa zilembo ndi apatalipatali. N'kwabwino kuika pafupi mas'hafu, buku la Qur'an, otsegulidwa pa Surat Taha, sura 20.

Mphunzitsi wa madrasa, Mangochi: Zikomo kwambiri, akuluakulu. Ndasintha zonse ziwiri, ndipo mawu okonzedwawo ndiwatumiza kwa wosindikiza ikatha swala ya Asr.